Mmene mungakonzere ulendo wa gulu la Akhristu wopita ku malo a m'Baibulo

Ulendo wa gulu la Akhristu wopita ku malo otchulidwa m'Baibulo umayamba miyezi yambiri anthu asanakwere ndege, ndipo nkhani yoyamba imene komiti yokonza ulendo iyenera kugwirizana ndi kuchuluka kwa malo amene gululo likafikeko. Makampani okonza maulendo amakonda kudzaza tsiku lililonse ndi mayina a malo ochuluka, popeza mndandanda wautali umakopa maso, koma anthu amene atsika ndi kukwera basi maulendo asanu ndi atatu pa tsiku amabwerera ndi zithunzi zodzaza foni, osakumbuka kuti tchalitchi chakuti chinali m'mudzi uti. Langizo langa ndi lakuti musapitirire malo anayi kapena asanu pa tsiku, ndipo pamalo aliwonse musiye mphindi zokwanira zoti wina awerenge ndime ya m'Baibulo yokhudza malowo, gulu lipemphere, kenako aliyense akhale chete payekha. Liwiro la ulendo wonse muliyeze ndi miyendo ya munthu wofooka kwambiri m'gululo.

Posankha nyengo, dziwani kuti ku Israel mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, ndipo mu Januwale ku Yerusalemu kumazizira mpaka nthawi zina kugwa chipale. Kuyambira Juni mpaka Seputembala kumatentha kwambiri, makamaka ku Yeriko ndi ku Nyanja ya Mchere kumene kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Miyezi ya Malichi, Epulo, Meyi, Okutobala ndi Novembala ndi imene imakomera okalamba. Ambiri amalakalaka kukakhala ku Yerusalemu pa Pasaka, koma pa nthawi imeneyo anthu amachita kuthithikana, mahotelo amakwera mtengo, ndipo kawirikawiri Pasaka wa mipingo ya Orthodox amakhala pa tsiku lina, kotero kuti chipwirikiti chimatha kutenga milungu ingapo. Palinso nkhani ya chitetezo. Nkhondo ya pakati pa Israel ndi gulu la Hamas imene inayamba pa 7 Okutobala 2023 inaimitsa maulendo ambiri ndipo makampani a ndege anasiya kupita ku Tel Aviv kwa nthawi, choncho musanapereke chikole, mgwirizano wanu ndi kampani yokonza ulendo unene momveka bwino kuti ndalama zidzabwezedwa motani ulendo ukalephereka. Werengani bwino pepala la inshuwaransi, pakuti inshuwaransi zambiri sizilipira zovuta zobwera chifukwa cha nkhondo.

Pasipoti ya munthu aliyense ikhale yoti ikadagwirabe ntchito kwa miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa tsiku la ulendo. Malamulo a viza amasiyana malinga ndi dziko limene munthu akuchokera, ndipo kuyambira Januwale 2025 ngakhale anthu a m'mayiko osafuna viza amayenera kupempha pa intaneti chilolezo chotchedwa ETA-IL asananyamuke. Pabwalo la ndege la Ben Gurion, pafupi ndi Tel Aviv, sadinda pasipoti, m'malo mwake amapereka kapepala kakang'ono kokhala ndi chithunzi cha mwini wake, ndipo kameneka kasungidwe m'pasipotimo mpaka tsiku lobwerera chifukwa kamafunidwa ku mahotelo ndi pa zipata za asilikali. Mtsogoleri akhale ndi makope a mapasipoti onse. Ayeneranso kumudziwa bwino aliyense amene akulembetsa, chifukwa zimachitika kuti wina amalowa m'gulu la amwendamnjira ali ndi cholinga chokatsalira kumeneko kuti akafune ntchito, ndipo akasowa, amene amavutika ndi mafunso ndi mtsogoleriyo.

Ndalama za gulu zisasungidwe m'thumba la munthu. Zilowe ku akaunti ya banki yosayinira anthu awiri kapena atatu, ndipo msungichuma apereke lisiti pa chilichonse chimene walandira. Funsani kampani kuti ilembe zimene zili m'mtengo ndi zimene mulibe, makamaka chakudya chamasana, malipiro olowera kumalo osiyanasiyana, msonkho wa pa malire, ndi kangachepe kothokozera dalaivala ndi namulondola, kamene kumeneko kamatengedwa ngati mwambo. Ndi bwino kusonkhetsa kangachepeka musananyamuke kusiyana ndi kuyendetsa chipewa m'basi pa tsiku lomaliza anthu atatha kale ndalama pogula mphatso. Ndalama ya ku Israel ndi shekel, imene imagwiranso ntchito ku Betelehemu ndi ku Yeriko, ya ku Jordan ndi dinar, ndipo m'malo ambiri ofikako alendo amalandira madola a ku America.

Namulondola akhale wachilolezo cha unduna woona zokopa alendo, ndipo iye ndi abusa kapena ansembe agawane ntchito pa tsiku loyamba. Namulondola afotokoze mbiri ya malo, njira ndi nthawi, abusa atsogolere Mawu ndi pemphero. Awiriwa akapanda kugwirizana, wina amalankhula mphindi makumi anayi padzuwa ndipo mnzake amatsala ndi mphindi ziwiri basi ikuimba kale hutala. Gulu lofuna kuchita Misa m'matchalitchi osamalidwa ndi ansembe a chipani cha Fransisko Woyera lilembetse miyezi ingapo pasadakhale kudzera ku Christian Information Centre, imene ili pafupi ndi chipata cha Jaffa ku Yerusalemu. Chimodzimodzi gulu lofuna Mgonero wa Ambuye ku Garden Tomb, munda wa ku Yerusalemu wokhala ndi manda amene ena amati ndi a Yesu, liyenera kusungitsiratu malo.

Kayendedwe kamene ndimakakonda ndi koyambira ku Galileya ndi kutsirizira ku Yerusalemu, chifukwa kamatsata mmene Mauthenga Abwino amafotokozera moyo wa Yesu, komanso kamapatsa anthu mpata wopumula ulendo wa pandege asanakumane ndi zitunda za Yerusalemu. Popita kumpoto mukhoza kuima ku Kaisareya wa kunyanja, kumene mu 1961 anapeza mwala wolembedwa dzina la Pontiyo Pilato, kenako ku Nazarete, kumene tchalitchi chachikulu chokumbukira uthenga wa mngelo kwa Mariya chinapatulidwa mu 1969. Pa phiri la Tabor mabasi aakulu sakwera chifukwa msewu wake ndi wokhotakhota, ndipo anthu amasamukira m'timabasi ting'onoting'ono, zimene zimadya nthawi yambiri gulu likakhala lalikulu.

Ku Nyanja ya Galileya ndiko muyenera kukhalitsa, masiku awiri kapena atatu. Nyanjayi ndi yaing'ono, makilomita pafupifupi 21 m'litali ndi 13 m'lifupi, ndipo ili mamita oposa 200 kunsi kwa mulingo wa nyanja yaikulu. Malo ambiri a utumiki wa Yesu ali moyandikana kugombe la kumpoto chakumadzulo. Ku Kapernao mudzaona sunagoge wa miyala yoyera amene anamangidwa zaka mazana angapo Yesu atapita, atakhala pamwamba pa maziko akale a miyala yakuda, ndipo chapafupi pali tchalitchi chomangidwa pamwamba pa mabwinja amene kuyambira kale Akhristu amawalemekeza ngati nyumba ya Petro. Ku Ginosar amasunga ngalawa ya asodzi ya m'nthawi ya Yesu, yotalika mamita 8, imene inaonekera m'matope mu 1986 madzi ataphwera chifukwa cha chilala. Muione ngalawa imeneyi musanakwere boti lanu, pakuti munthu akaona kuchepa kwake amamvetsa mantha a ophunzira pa namondwe wa pa Marko 4. Mukafika pakati pa nyanja, pemphani woyendetsa kuti azimitse injini ndi nyimbo za pa sipika. Pamenepo pamamveka madzi okha akumenya m'mbali mwa boti, mapiri a Golan ali kum'mawa, ndipo ndime ija ikawerengedwa simudzafunikanso ulaliki wautali.

Za ubatizo mugwirizane muli kwanu, chifukwa mipingo imasiyana pa nkhani imeneyi. Ena amabatiza mwa kumiza, ena amangobwereza malonjezo a ubatizo wawo. Malo alipo awiri kumbali ya kumadzulo kwa mtsinje wa Yordano. Yardenit ili pamene mtsinje umatuluka kuchoka m'Nyanja ya Galileya, ndipo ili ndi masitepe, zitsulo zogwirira ndi zipinda zosinthira zovala. Qasr al-Yahud ili kufupi ndi Yeriko, dera limene mwambo wakale umati ndiko Yohane ankabatiza, ndipo inatsegulidwanso kwa alendo mu 2011. Achenjezeni anthu kuti pamenepa mtsinje ndi wopapatiza ndipo madzi ake ndi amatope, tsidya linalo kuli dziko la Jordan pa mtunda woponya mwala, ndipo asilikali amakhala ali pomwepo. Amene adzaphatikiza dziko la Jordan pa ulendo wawo akhoza kukafika tsidya limenelo, pa malo otchedwa Al-Maghtas, komanso pa phiri la Nebo ndi ku Madaba, koma awonjezere masiku, popeza kuwoloka malire ndi gulu kumatha kudya theka la tsiku.

Ku Nyanja ya Mchere, mamita pafupifupi 430 kunsi kwa mulingo wa nyanja yaikulu, ola limodzi ndi lokwana. Madzi ake asalowe m'maso kapena m'kamwa, ndipo amene wameta ndevu m'mawa umenewo adzamva kuwawa. Qumran, kumene mu 1947 anayamba kupeza mipukutu yakale ya Malemba, ili panjira yomweyo. Kuchoka ku Yeriko kupita ku Yerusalemu basi imakwera mamita pafupifupi 1,000 pa mtunda wa makilomita ngati 30, kudutsa m'chipululu cha fanizo la Msamariya wachifundo, ndipo imeneyi ndi nthawi yabwino yowerenga Masalimo 120 mpaka 134, nyimbo za anthu okwera kupita ku Yerusalemu.

Mzinda wakale wa Yerusalemu umayendedwa wapansi, pa miyala yoterera ndi masitepe ambiri, choncho nsapato zikhale zozolowereka kuphazi, zosagulidwa dzulo. Pa Phiri la Azitona basi ikutuleni pamwamba kuti muyende chotsika kupita ku Getsemane, ndipo ofooka mawondo atsike atakwera galimoto chifukwa njirayo ndi yaphedi. Muwakonzekeretse anthu za Via Dolorosa, njira imene mwambo umati Yesu anadutsa atasenza mtanda. Ambiri amayembekeza njira yachete, koma imadutsa pakati pa msika, ndipo mudzapemphera pa malo ake 14 amalonda akuitanira makasitomala, ngolo za katundu zikukupemphani njira. Ku Tchalitchi cha Manda Oyera pitani mbandakucha, mzere wolowera kumanda usanatalike. Tchalitchichi chinapatulidwa koyamba mu 335 m'nthawi ya mfumu Constantine, amayi ake Helena atayendera dzikoli cha m'ma 326, ndipo lero chimagawidwa pakati pa Agiriki a Orthodox, Akatolika, Aarmeniya, Akoputi, Aitiyopiya ndi Asiriya potsata mgwirizano wakale wotchedwa Status Quo, pamene kiyi wa chitseko chachikulu amasungidwa ndi mabanja achisilamu.

Mtsogoleri anene zoona pa za malowa, kuti ena ndi otsimikizika, monga nyanja, mtsinje, Phiri la Azitona ndi thamanda la Betesda, pamene ena anasankhidwa ndi mwambo wa Akhristu a m'zaka zam'mbuyo. Garden Tomb, kunja kwa chipata cha Damascus, inatchuka m'zaka za m'ma 1880, ndipo akatswiri ambiri ofukula zakale amati manda ake ndi akale kwambiri kuposa nthawi ya Yesu, komabe ndi munda wabata umene gulu lingathe kuimbamo ndi kupemphera momasuka. Gulu la mipingo yosiyana likafike konse kuwiri, ku Tchalitchi cha Manda Oyera ndi ku Garden Tomb, ndipo mtsutso wa manda enieni usaloledwe kudya tsiku.

Betelehemu ali makilomita pafupifupi 10 kum'mwera kwa Yerusalemu, m'dera la West Bank lolamulidwa ndi Apalestina, ndipo popita kumeneko mumadutsa pa chipata cha asilikali, kotero aliyense anyamule pasipoti. Khomo lolowera m'Tchalitchi cha Kubadwa kwa Yesu ndi lalifupi moti wamkulu aliyense amawerama, ndipo masitepe otsikira kuphanga, kumene kuli nyenyezi yasiliva ya nsonga 14, ndi opapatiza. Ikani munthu wamphamvu kutsogolo ndi wina kumbuyo kwa okalamba. Ku Betelehemu kuli Akhristu achipalestina amene ambiri amadalira alendo, ena mwa iwo osema mtengo wa azitona, ndipo ndimaona kuti ndi chinthu choyenera kugula mphatso kwa iwo ndi kupemphera nawo Lamulungu ngati ndondomeko ikulola.

Masiku opatulika a zipembedzo zina amakhudza ndondomeko yanu. Sabata la Ayuda limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa ndi kutha Loweruka usiku, ndipo m'madera achiyuda masitolo amatseka ndi mabasi a anthu onse amaima. M'mahotelo ena chikepe chimodzi chimaima pa nsanja iliyonse chokha, ndipo wosadziwa amaganiza kuti chawonongeka. Pa Khoma la Kumadzulo, malo opatulika a Ayuda m'mzinda wakale wa Yerusalemu, amuna ndi akazi amapemphera mbali zosiyana, amuna amavala kanthu kumutu, ndipo pa Sabata sajambula zithunzi. Pabwalo la pamwamba pake, pamene pali mzikiti wa Al-Aqsa, osakhala Asilamu amaloledwa maola ochepa okha, Lachisanu salowa, ndipo salola kulowa ndi Baibulo kapena kupemphera mwachikhristu. Kumalo onse opatulika mapewa ndi mawondo akhale ophimbidwa, amuna ndi akazi omwe.

Odwala shuga, kuthamanga kwa magazi kapena mtima aonane ndi dokotala asanalembetse, ndipo mankhwala awo akhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi kalata ya dokotalayo. Aliyense akhale ndi mnzake womuyang'anira, anyamule khadi la hotelo m'thumba, ndipo mtsogoleri awerenge anthu basi isananyamuke pamalo aliwonse. Pa tsiku lobwerera mufike ku Ben Gurion maola osachepera atatu ndege isananyamuke, chifukwa achitetezo amafunsa munthu aliyense kumene wapita, amene walongedza chikwama chake, ndi ngati wina wamupatsa katundu woti akapereke. Auzeni anthu usiku wake kuti ayankhe zoona mwachidule ndi mosachita nthabwala, kuti asalandire phukusi la munthu wosamudziwa, ndi kuti mabotolo a mafuta a azitona ndi madzi a mu Yordano alowe m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege.