Kuuluka ulendo wautali pa paraglider pamwamba pa mapiri nyengo ikangoyamba

Nyengo yozizira ikangotha, dzuwa limayamba kutenthetsa nthaka msanga pamene mpweya wa m'mwamba udakali wozizira kwambiri, ndipo kusiyana kumeneku kumachititsa kuti mpweya wofunda wonyamuka pansi, umene oulutsa paraglider (phiko la nsalu limene munthu amauluka nalo atalendewera pa zingwe) amautcha thermal, uzikwera mothamanga, uli wopapatiza komanso wogwedeza phiko m'mphepete mwake. Vuto ndi lakuti nthawi yomweyi woulutsa amakhala atatha miyezi ingapo osagwira zingwe, manja ake atazolowera kukhala. Ulendo woyamba wodutsa mapiri uyenera kukonzedwa molingana ndi manja amenewa, osati molingana ndi mtunda umene munauluka chaka chatha.

Yambani ndi zipangizo mudakali kunyumba. Parachuti yopulumukira iyenera kutulutsidwa, kuyanikidwa ndi kupindidwanso pa nthawi imene wopanga ananena, ndipo nthawiyi kawirikawiri imakhala pakati pa miyezi 6 ndi chaka. Zingwe za phiko zopangidwa ndi ulusi wotchedwa Dyneema zimafupika zikamakalamba, makamaka za kumbuyo zimene sizinyamula katundu wambiri, choncho phiko limene silinayezedwe kwa nthawi yaitali limatha kuchedwa kudzuka ponyamuka ndiponso kuuluka pang'onopang'ono kuposa mmene liyenera kuulukira. Mukatsimikiza izi, pitani pabwalo lopanda mitengo mukaseweretse phiko muli pansi kwa ola limodzi kapena awiri. Ngati mwagula phiko la gulu lapamwamba, mwachitsanzo kuchoka pa EN B kupita pa EN C (magulu a mapiko malinga ndi luso limene amafuna), lisungireni tsiku lina lodekha.

Za nyengo muziwerenge usiku ndi kuzionanso m'mawa. Kutalika kumene mitambo ya cumulus, ija younjikana ngati thonje, iyambire mungakuyerekeze pochotsa dew point (kutentha kumene chinyezi cha mumpweya chimayambira kusanduka mame) pa kutentha kwa pansi ndi kuchulukitsa chotsalacho ndi mamita 125. Ngati pansi pali madigiri 20 ndipo dew point ndi 8, mitambo iyambira pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene mwayezerapo. Mpweya wokwera umazizira pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 alionse, kutanthauza kuti pansi pa mtambowo mupeza madigiri 5 okha, mphepo ikukuwombani kumaso. Anthu ambiri amatsika msanga chifukwa cha zala zimene zauma ndi kuzizira, osati chifukwa chosowa thermal, ndiye magolovesi abwino musawaone ngati chinthu chapadera. Mphepo nayo muiyeze pa msinkhu wa nsonga za mapiri. Phiko wamba limauluka makilomita pafupifupi 37 pa ola mabuleki (zingwe za m'manja zowongolera phiko ndi kuchepetsa liwiro) atamasulidwa, ndipo kwa ine mphepo yopitirira makilomita 20 pa ola pa msinkhu umenewo ndi chifukwa chokwanira chosiyira ulendo woyamba.

Njira muisankhe motsatira dzuwa ndi mphepo. M'mawa mbali za mapiri zoyang'ana kum'mawa ndizo zimayamba kutulutsa thermal, ndipo dzuwa likapendeka zoyang'ana kumadzulo zimalowa m'malo. Mpweya wofunda umakwawa ndi mtsetse mpaka utapeza pothawira, monga pansonga, pamatanthwe, kapena pamalire a nkhalango ndi munda wolimidwa, kenako umapendekera kumene mphepo ikupita, choncho muufunefune kutsogolo pang'ono kwa malo amene wanyamukira, molondola mphepoyo. Kuseri kwa phiri, kumene mphepo imagwera itadutsa pansonga, kumakhala mpweya wozungulira wotchedwa rotor umene umatha kupinda phiko mwadzidzidzi, ndipo pamipata ya pakati pa mapiri mphepo imapanikizika n'kuthamanga kwambiri moti mukhoza kuona nthaka itaima pansi panu. Malo awiri amenewa muwadutse muli pamwamba kwambiri kapena muwalambalale.

Thermal yoyamba ndiyo imafuna kuleza mtima kwambiri. Vario, kachipangizo kamene kamalira mukamakwera, kakayamba kulira musatembenuke nthawi yomweyo. Werengani masekondi atatu kapena anayi, kenako tsamirani thupi kumbali imene phiko lakwezeka, kokani buleki ya mkati mosadukiza, ndipo ya kunja muigwire mopepuka kuti muzimva phiko likafuna kufwamphuka. Thermal za nyengo imeneyi n'zopapatiza, motero wozungulira motakata amangolowa ndi kutuluka m'mphepete momwe muli chipwirikiti, pamene wozungulira mothina amakhala pakati pamene mpweya umakwera mosalala. Mukapeza ena akuzungulira kale, tsatirani mbali imene woyamba anasankha. Kwerani mpaka pamwamba musanachoke paphiri lonyamukira, koma musalowe mumtambo, ndipo ngati mtambowo ukukula msanga ndi kuda pansi pake, lowerani kumphepete mwake mudakali ndi mamita mazana angapo pansi pake.

Powoloka kupita kuphiri lotsatira, kumbukirani kuti phiko limene limayenda mamita 9 kutsogolo pa mita imodzi yotsika limachita zimenezo mumpweya wodekha wokha. Pakati pa thermal ziwiri mpweya umatsika, ndipo umatsika kwambiri pa tsiku limene thermal zili zamphamvu, choncho werengerani theka: mamita 1,000 a kutalika akupatseni makilomita anayi kapena asanu. Pondani speed bar, chopondera chothamangitsira phiko, mukakhala mumpweya wotsika kapena mukuyang'anizana ndi mphepo, koma muisiye mukayandikira phiri, chifukwa phiko lothamangitsidwa limapindika mosavuta ndipo limabwerera mwaukali.

Musachoke pamwamba pa malo otereka musanaone ena kutsogolo. Mukatsika kufika pafupifupi mamita 150 kuchokera pansi, lekani kufunafuna thermal ndipo konzekerani kutera. Mawaya a magetsi saoneka muli m'mwamba, ndiye fufuzani mapolo ndi mzere umene akutsata. Mphepo ya m'chigwa imatsata chigwacho ndipo nthawi zambiri imasiyana ndi imene munali nayo pamwamba, choncho yang'anani utsi, udzu kapena mafunde a padziwe, mutere moyang'anizana nayo pakati pa bwalo, kutali ndi mitengo ya kumbali yochokera mphepo. Mukangotera, sunthani phiko ndi kulipinda kuti amene ali m'mwamba adziwe kuti simunavulale, kenako tumizani uthenga wa malo amene muli kwa munthu amene munamuuza njira yanu m'mawa.