Timabawuti ta saiti ya pisito tikamangomasuka

Pisito ikalira, silaidi, chitsulo chapamwamba chija chimene chimatsetsereka, imabwerera m'mbuyo mwamphamvu n'kudzamenyanso kutsogolo, ndipo chilichonse chimene chakhala pamwamba pake chimalandira nawo chibakera chimenecho. Saiti, kachipangizo kolunjikira poomba, kaya ndi yachitsulo yakutsogolo ija kaya ndi kagalasi ka kadontho kofiira kamene anthu ayamba kukonda masiku ano, imagwiridwa ndi kabawuti kamodzi kapena tiwiri tochepetsetsa. Tikangomasuka pang'ono, zipolopolo zimayamba kumwazikana ndipo munthu amaganiza kuti dzanja ndilo lafooka.

Ine ndine fita pa fakitale ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo ndili ndi pisito ya chilolezo. Makina ogaya masamba amanjenjemera usana ndi usiku, moti bawuti yomasuka ndi nsima yathu ya tsiku lililonse. Chimene ntchito imeneyi yandiphunzitsa n'chakuti kukungitsa si mankhwala. Kabawuti ka mamilimita 3 mukakakakamiza, kamatanuka, mazinga n'kuperepeseka, kapena mutu n'kuduka theka lina n'kutsalira m'silaidi. Pamenepo ndiye mwagula vuto lalikulu.

Musanagwire chida chilichonse, chotsani magazini, kokani silaidi, yang'anani ndi maso m'chemba, momwe chipolopolo chimakhala chisanaombedwe, mupisemonso chala. Zipolopolo zikakhale m'chipinda china. Kenako chotsani silaidi pa thupi la mfuti, muzigwira ntchito ndi iyo yokha.

Gawo limene anthu amalumpha ndi kutsuka, pomwe ntchito yonse yagona pamenepo. Kuno chiperoni chikagwa masiku angapo chitsulo chimachita dzimbiri msanga, ndiye tonsefe timakonda kuthira oyilo wambiri. Oyilo ameneyo amayenderera mpaka m'mabowo a mazinga, ndipo mankhwala omatira sagwira bwino pamalo a mafuta. Ndimaviika timabawuti mu sipiliti kapena acetone, n'kutipukuta ndi kabulashi kakale ka m'mano mpaka zotsalira za mankhwala akale zitachoka m'mizere yonse. M'bowo ndimalowetsa kathonje kokulunga pa kamtengo ka machesi, n'kupotokola. Koyamba kamatuluka kakuda bii. Ndimasintha mpaka katuluke koyera, kenako ndimasiya ziume. Acetone asakhudze galasi kapena pulasitiki, amawononga.

Mankhwala ake ndi aja timangowatchula kuti Loctite, ndipo mtundu wa madzi ake ndiwo umakuuzani mphamvu yake. Wabuluu, 242 kapena 243, ndi amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa saiti, chifukwa amagwira koma mutha kudzamasula ndi chida chamanja. Ine ndimasankha 243 popeza amapirira pakatsala kamafuta pang'ono. Wapepo, 222, ndi wofewa, anapangidwira timabawuti tochepera M6 (kunenepa kwa mamilimita 6), ndipo nayenso ndi wabwino ngati mumachotsa saiti pafupipafupi posintha batire. Wofiira, 271, musamuyandikize n'komwe: kuti amasuke amafuna kutenthedwa kufika cha m'ma 250°C, ndipo kagalasi kanu sikangapirire moto wotero. Supagulu ndiye ayi ndithu, ngakhale mnzanu wa pagalaja akulumbirireni.

Kadontho kamodzi n'kokwanira. Ndimadonthetsa pa kapepala, n'kutapa ndi nsonga ya kamtengo ka machesi, n'kupaka pa mazinga awiri kapena atatu akunsonga. Osathira m'bowo. Pa mfuti zina bowo limafika pa njira ya kachitsulo kokankha ekisitirakita, kambedza kamene kamakoka khesi m'chemba, ndipo mankhwala akaumira mmenemo makhesi, zigoba zotsala chipolopolo chikaombedwa, amayamba kukana kutuluka. Timabawuti tatsopano tina timabwera kale ndi kachigamba kabuluu kouma pa mazinga. Timeneto musawonjezere kanthu ulendo woyamba.

Tsopano kumanga. Lowetsani kaye ndi zala mizere iwiri kuti mumve ngati kakuyenda mosakakamira, ndipo ngati tili tiwiri muzimanga mosinthanasinthana kuti saiti ikhale bwinobwino. Mlingo womaliza wa mphamvu yomangira (torque) ndi umene wopanga saitiyo analemba m'kabuku kake, ndipo kawirikawiri umakhala pakati pa 12 ndi 18 inch-pound. 15 inch-pound ndi pafupifupi 1.7 Nm basi, kamphamvu kochepa zedi. Samalani apa: inch-pound si foot-pound, imodzi ya foot-pound ndi ma inch-pound 12. Torque wrench ya mawilo a galimoto siyifika pansi chonchi, pamafunika sikuludiraiva yake ya torque. Mutu wa chida ukhale weniweni, nambala yake yofanana ndi ya mutu wa kabawuti, T10 pa T10, wosatha mano. Pa pisito ya mtundu wa Glock, kabawuti ka saiti yakutsogolo kali mkati mwa silaidi, mutu wake ndi wa makona 6 wa 3/16 inchi, ndipo kamafuna soketi yopyapyala. Pulayala imangokazunguza mutu.

Mukamanga, ikani mfuti m'sefa ndipo musaombe mpaka maola 24 atakwana. Mankhwalawa amauma pokhapokha atatsekeredwa pakati pa zitsulo popanda mpweya, n'chifukwa chake otsala kunja amakhalabe amadzimadzi; ongopukuta amenewo. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye amachedwa kuuma, ndiye ine ndimawonjezerapo tsiku.

Ndimamaliza ndi kyuteksi. Kamzere kamodzi kowala kochokera pa mutu wa kabawuti kufika pa thupi la saiti. Mzere ukaduka pakati, kabawuti kayenda. Motero simufunika kumakayesa ndi chida, chifukwa kungokapotoza pang'ono mwathyola kale mankhwala aja ndipo muyenera kuyambiranso kutsuka.

Kupeza timabawuti tatsopano ndi kumene kumavuta. M'mahadiweya a ku Limbe mupeza M3 ndi M4, koma zambiri ndi zachitsulo chofewa za mawailesi. Funani za giredi 10.9 kapena 12.9, ndipo tengani kakale m'kabotolo, pamodzi ndi vaniya yoyezera ngati muli nayo. Zoti zifanane ndi zinayi: kunenepa, mazinga, kutalika ndi maonekedwe a mutu. Msampha waukulu ndi wa bawuti ya 6-32 ya ku America, imene saiti ya kagalasi ya Trijicon RMR imagwiritsa ntchito, ndi M3.5 ya metiriki. Zonse n'zonenepa pafupifupi mamilimita 3.5, ndi maso simungasiyanitse, koma mazinga a M3.5 ndi otalikirana 0.6 mm pomwe a 6-32 ndi pafupifupi 0.8 mm. Imalowa mzere umodzi kapena iwiri n'kukakamira, ndipo mukaikakamiza bowo latha. Mbale ya Glock MOS, yomwe saiti ya kagalasi imakhalapo, imamangidwa pa silaidi ndi M3, pomwe saiti pamwamba pa mbaleyo ikhoza kufuna mtundu wina. Kutalikanso si kwamasewera: kakatalika ndi theka la milimita kagunda pansi saiti isanagwire, kapena kapanikiza za mkati.

Kakale kakakana kutuluka, gunditsani nsonga ya chowotcherera cha okonza mawailesi pa mutu wake kwa kanthawi, mankhwala afewe, kenako masulani mutakanikiza chida pansi.

Njira yosavuta ndi kuitanitsa paketi ya timabawuti kwa wopanga saitiyo, ndipo mugule awiri kuti ena akhale osungira. Ambiri timatuma achibale ochokera ku Johannesburg, koma popeza izi n'zida za pa mfuti, yambani mwafunsa ku polisi kumene munatengera chilolezo, katundu asadzagwidwe pa Mwanza. Saiti ikabwerera pamalo pake, kaiyeseni pa malo ovomerezeka oombera, chifukwa ikachotsedwa siyibwerera ndendende pomwe inali.