Momwe munganyamulire zolemera kuti mafupa alimbe popanda kusokonezedwa ndi sikelo

Fupa ndi chiwalo chamoyo chimene chimagumuka n'kumangidwanso nthawi zonse, ndipo thupi limalimanga molingana ndi katundu amene limasenzetsedwa. Dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, anafotokoza mfundo imeneyi m'chaka cha 1892, ndipo umboni wake umaoneka pa anthu opita mumlengalenga, amene mafupa awo a m'chiuno ndi a miyendo amafooka ndi pafupifupi 1 peresenti mwezi uliwonse chifukwa kumeneko thupi sililemera. Mafupa a munthu amafika pachimake pa kulimba akamayandikira zaka 30, kenako amayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo kwa amayi zimenezi zimafulumira akangosiya kusamba.

Ambiri amaganiza kuti kuyenda wapansi n'kokwanira. Kuyenda kumathandiza mtima ndi shuga, koma fupa limazolowera ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo chimene chimalidzutsa ndi kulemera kopitirira kumene linazolowera. Ofufuza a ku Griffith University ku Australia anasonyeza zimenezi pa kafukufuku wotchedwa LIFTMOR, amene anachitika pa amayi 101 osiya kusamba omwe mafupa awo anali atayamba kale kufooka. Gulu limodzi linkanyamula zitsulo zolemera kwambiri kawiri pa sabata, mphindi 30 ulendo uliwonse, moyang'aniridwa ndi akatswiri, ndipo patatha miyezi 8 kulimba kwa mafupa awo a msana kunakwera ndi 2.9 peresenti, pamene kwa anzawo ochita masewera opepuka kunyumba kunatsika ndi 1.2 peresenti. Manambalawa akuoneka aang'ono, koma kwa mayi amene fupa lake likanapitiriza kufooka chaka ndi chaka, kungoimitsa kutsikako ndi phindu lalikulu.

Yambani ndi masiku awiri pa sabata osatsatizana, monga Lolemba ndi Lachinayi, omwenso ndi mlingo umene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa akuluakulu onse mu 2020. Dziwani kuti fupa limalimba pokhapo pamene palemedwa, n'chifukwa chake osewera tenisi amakhala ndi mafupa olimba kwambiri kumkono wogwirira chomenyera mpira. Popeza malo amene amathyoka kawirikawiri muukalamba ndi chiuno, msana ndi polumikizira dzanja, sankhani masewera atatu ofika kumeneko: kunyonyomala mutafungatira katundu pachifuwa, kunyamula katundu kuchokera pansi, ndi kukankhira katundu m'mwamba mutaimirira.

Simukufunika kudikira ndalama za jimu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 20 ndi chida chabwino chifukwa mumadziwa kulemera kwake ndipo mungathe kuwonjezera pang'onopang'ono. Thirani madzi malita 8 kapena 10, chiikeni pakati pa mapazi anu, ndipo mapaziwo atalikirane molingana ndi mapewa. Kankhirani matako kumbuyo, pindani mawondo, gwirani chogwirira ndi manja onse awiri, ndipo msana ukhale wowongoka kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Limbitsani mimba, pondani pansi ndi zidendene, imirirani mukutulutsa mpweya, chigubucho chikuyenda pafupi ndi miyendo yanu. Mukamva ntchito m'ntchafu ndi m'matako ndiye kuti mwachita bwino, koma mukamva kubaya pamsana, tulani pomwepo, chifukwa ululu wotero si chizindikiro cha kulimba.

Nyamulani maulendo 8 mpaka 12, pumani mphindi ziwiri, ndipo bwerezani kawiri kapena katatu. Kulemera koyenera ndi kumene kumakuvutani pa maulendo awiri omaliza koma osakupindikitsani msana. Mukafika 12 mosavuta, wonjezerani lita imodzi kapena awiri, ndipo lembani m'kope. Apa ndi pamene ambiri amalephera: amanyamula kachitsulo komweko chaka chonse, thukuta n'kumatuluka ndithu, koma fupa linazolowera kale. Minofu imayamba kuonetsa mphamvu m'masabata ochepa, pamene fupa limafuna miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo.

Nkhani ya sikelo ndiyo imagwetsa anthu ulesi, ndipo ndi yofunika kuimvetsa musanayambe. Munthu akhoza kunyamula zolemera miyezi itatu, zovala n'kuyamba kumukhwepa m'chiuno, koma sikelo osasuntha kapena kukwera pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti mnofu ndi wothinana kuposa mafuta, moti kilogalamu ya mnofu imatenga malo ochepa kuposa kilogalamu ya mafuta, komanso m'masabata oyamba minofu imasunga madzi ochulukirapo. Mafupa enieniwo sawonjezera kulemera koti n'kuoneka pa sikelo. Komabe musakhulupirire zonena kuti minofu imasungunula mafuta ochuluka inu muli khale, pakuti kilogalamu ya mnofu imagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 13 okha pa tsiku munthu akamapuma. Kuchepa thupi kumadalira kwambiri chakudya, ndipo ntchito yaikulu ya zolemera ndi kuteteza minofu ndi mafupa pamene mukuchepetsa kudya, chifukwa kuonda mwa kudzimana chakudya chokha kumatha mafuta, minofu ndi fupa lomwe. Choncho tengani tepi ya telala, yezani mimba yanu pafupi ndi mchombo kamodzi pa mwezi, ndipo cholinga chikhale chakuti muyezowo usapitirire theka la kutalika kwanu.

Thupi silingamange popanda zomangira. Idyani nyemba, soya, mazira kapena nsomba pa chakudya chilichonse, ndipo kashiamu, mchere womanga mafupa, mumupeze mu mkaka, chambiko, bonongwe, ndiponso usipa ndi matemba zodyedwa pamodzi ndi minga yake. Dzuwa limathandiza khungu kupanga vitamini D, pamene fodya ndi mowa wambiri zimafooketsa mafupa.

Amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, monga ambiri operekedwa m'zipatala za ku Malawi, ndiponso amayi olera ndi jakisoni wa Depo-Provera, adziwe kuti mankhwalawa amatha kuchepetsa pang'ono kulimba kwa mafupa. Chimenechi ndi chifukwa chonyamulira zolemera mokhulupirika, osati chosiyira mankhwala. Ngati munathyokapo fupa pongogwa pang'ono, msinkhu wanu wafupika, muli ndi pakati, kapena muli ndi BP yosakhazikika, kaonaneni ndi dokotala kapena katswiri wa fiziyo musanayambe, ndipo amene mafupa awo ndi ofooka kale apewe kuwerama kopinda msana ndi kupotokola thupi atanyamula katundu.