Momwe mungamangire njanji yaikulu ya sitima zazing'ono ndi kuiyendetsa

Mumzinda wa Hamburg ku Germany muli nyumba ina yakale yosungiramo katundu imene alendo amaima pamzere kuti akaone sitima zazing'ono ngati chitsononkho. Malowa ndi Miniatur Wunderland. Anawayambitsa mapasa awiri, Frederik ndi Gerrit Braun, ndipo anatsegulidwa mu 2001. Njanji zake mukazilumikiza zimapitirira makilomita 15, ndipo pa mphindi 15 zilizonse kumada n'kuchanso. Mlendo amachita chidwi ndi mapiri, tinyumba ndi tianthu, koma chimene chimayendetsa zonsezo chili kunsi kwa thebulo, kumene sakuona. Inunso mukafuna kumanga yanu m'chipinda kapena m'galaja, yambirani kunsiko.

Choyamba sankhani msinkhu wa sitima zanu, ndipo mukasankha musasinthenso. Wofala kwambiri ndi H0: chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 87, ndipo mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi mamilimita 16.5. Msinkhu wa N ndi wocheperapo, ka 160, pa njanji ya mamilimita 9, ndipo ndi wabwino kwa amene malo ndi ochepa koma akufuna sitima zazitali. Abale athu a ku Britain akalowa m'sitolo apeza kwambiri OO, ka 76, yoyenda pa njanji yomweyo ya mamilimita 16.5. Chenjerani ndi sitima za Märklin. Zambiri za H0 za kampaniyi zimatenga magetsi pa timitu tachitsulo ta pakati pa njanji, choncho siziyenda pa njanji wamba za makampani ena monga Peco kapena Roco. Amene mtima wawo uli pa sitima zathu za ku Limbe, Nkaya ndi Salima adziwe kuti njanji ya kuno ndi yopapatiza, mamilimita 1,067, ndipo mu H0 yofanana nayo ndi ya mamilimita 12. Zida zake n'zovuta kupeza, moti ambiri amangogwiritsa ntchito ya 16.5 n'kutsinzina diso limodzi.

Musanagule thabwa, tengani tepi ndi choko mujambule pansi. Apa m'pamene maloto amakumana ndi khoma. Kilomita imodzi mu H0 imafuna mamita 11 ndi theka, ndiye simungalowetse dziko lonse m'chipinda. Sankhani siteshoni imodzi kapena ziwiri, mlatho, ndi malo amodzi opakira katundu. Dzanja la munthu limafika bwino masentimita 70 kapena 75 basi, choncho thebulo lotambalala kuposa pamenepo mudzalikwera ndi mawondo tsiku limene bogi idzagwe pakati. N'chifukwa chake njanji zikuluzikulu zambiri zimayenda m'mbali mwa makoma ngati alumali, pakati n'kusiya njira yoti anthu awiri apatukane osagundana mimba.

Pokhota ndi pokwera pamafuna masamu pang'ono. Mangani chingwe pa msomali n'kujambula nacho kona. Mu H0 kona yofanana ndi yojambulidwa ndi chingwe cha masentimita 46 ndi imene imabwera ndi maseti ambiri oyambira, koma mabogi aatali a anthu amaoneka ngati akuthyoka msana pamenepo, ndipo nthawi zina amagwa. Yesetsani kufika 60 kapena 75. Chitunda chisapitirire masentimita 2 pa mita iliyonse. Kuti njanji ina idutse pamwamba pa inzake pamafunika kukwera masentimita pafupifupi 9, kutanthauza mamita anayi ndi theka a njanji yongokwera. Ambiri amafupikitsa mtundawu, kenako amadabwa injini ikungopalasa mateyala pamalo amodzi.

Siyaninso malo obisika oimikapo sitima, kuseri kwa phiri kapena kunsi. Malowa amaimira dziko lonse limene simunalimange. Sitima ikalowa m'phanga n'kukaima kumeneko, timati yapita ku Nacala.

Tsopano matabwa. Musamange thebulo limodzi lalikulu. Pangani zigawo za mita imodzi ndi masentimita 20 m'litali, masentimita 60 m'lifupi, zolumikizana ndi mabawuti, kuti tsiku losamuka nyumba zidzatuluke pakhomo. Pamwamba ikani pulayiwudi wa mamilimita 12, pa msinkhu wa masentimita 110 mpaka 125 kuchokera pansi, kuti sitima muzizionera cham'mbali osati ngati kabawi ali m'mwamba. Uzani kalipentala kuti mukufuna matabwa ouma. Ine ndinathamangira otchipa aawisi, ndipo pofika Okutobala chigawo china chinali chitapindika moti sitima iliyonse inkagwa pamalo amodzimodzi. Pakani vanishi mbali zonse, ndipo miyendo isakhale poti chiswe chingakwerepo.

Njanji gulani za nickel silver, osati zachitsulo wamba zimene zimachita dzimbiri. Yalani kaye cork, chinthu chofewa chochokera ku khungwa la mtengo, kunsi kuti phokoso lichepe. Polumikiza njanji ziwiri siyani kampata kongokwana kapepala kolimba, chifukwa chitsulo chimafutukuka kukatentha, makamaka pansi pa denga la malata. Mukayala kachigawo, kankhani bogi imodzi ndi chala, muimve. Ikagunda penapake konzani pomwepo, musadzinamize kuti miyala idzabisa.

Ntchito ya mawaya ndi yotopetsa, ndipo ndi imene imasiyanitsa njanji yoyenda ndi yongokongola. Kale sitima zinkayenda pa DC, magetsi a mtundu wa batire: mukawonjezera mphamvu m'njanji, injini zonse zili pamenepo zimathamanga pamodzi. Panjanji yaikulu gwiritsani ntchito DCC, njira imene inachokera ku kampani ya Lenz ya ku Germany n'kuvomerezedwa ndi NMRA, bungwe la ku America la okonda sitima zazing'ono, m'zaka za m'ma 1990. Magetsi amakhala m'njanji nthawi zonse, mavoti 14 mpaka 16 mu H0, ndipo injini iliyonse ili ndi kachipangizo kotchedwa decoder kokhala ndi nambala yakeyake. Ma decoder atsopano amabwera ndi nambala 3, ndiye isinthireni pomwepo, kupanda kutero injini zonse zidzanyamuka limodzi ngati zapangana.

Kokani mawaya awiri okhuthala kunsi kwa thebulo motsatira njanji yonse, wina wofiira wina wakuda. Kuchokera pa amenewa kwezani timawaya ting'onoting'ono n'kutiwotcherera ku chidutswa chilichonse cha njanji. Musadalire tizitsulo tolumikizira njanji kuti tinyamule magetsi, timamasuka pakapita chaka. Gwirani lamulo limodzi, monga lakuti wofiira apite ku chitsulo cha kutsogolo nthawi zonse, ndipo lembani chizindikiro pa waya aliyense. Gawani njanji m'zigawo, chilichonse ndi chodulira magetsi chake, kuti shoti ya pasiteshoni imodzi isaimitse nyumba yonse. Njanji yozungulira n'kubwerera pa mzere womwe inachokera imachita shoti yokha, pokhapokha mutadula zitsulo zonse ziwiri mbali zonse n'kuikapo auto reverser, kachipangizo kotembenuza kokha mbali ya magetsi sitima ikamadutsa. Ndipo mukaitanitsa zida ku America yang'anani pulagi: kumeneko magetsi ndi mavoti 120, athu ndi 230.

Yendetsani sitima pa matabwa opanda kanthu kwa mwezi wathunthu musanamange phiri ngakhale limodzi. Zikamayenda osagwa, pangani mapiri ndi styrofoam (zoyera zopepuka zija zotetezera katundu m'mabokosi) kapena makatoni ndi mapepala oviika mu pulasitala. Dothi lenileni losefa bwino limaoneka bwino kuposa penti, koma dutsitsanimo maginito kaye kuti tizitsulo tisakalowe m'mota. Timiyala ta njanji tiyaleni ndi kaburashi, tinyowetseni ndi madzi okhala ndi kadontho ka sopo, kenako dontheletsani guluu woyera wa matabwa wosakaniza ndi madzi theka ndi theka. Guluuyo asafike pa mapoyinti, pamene njanji zimapatukana, chifukwa akauma sadzasunthanso.

Kungozungulira kumatopetsa pakatha sabata. Ipatseni njanji ntchito. Lembani ndandanda ya nthawi, bogi iliyonse ikhale ndi kakhadi konena kumene ikupita ndi zimene yanyamula, simenti kapena feteleza. Itanani anzanu: mmodzi akhale wopereka chilolezo, ena oyendetsa, ndipo palibe sitima yochoka pasiteshoni iye asanalole. Magulu ena amagwiritsa ntchito wotchi yothamanga kanayi kapena kasanu ndi kamodzi, kuti ntchito ya tsiku lonse ithe madzulo amodzi.

Anzanuwo asanafike pukutani njanji ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti yopukutira yotchedwa isopropyl alcohol, mateyala a injini nawonso. Sandipepa ayi, amakanda chitsulo ndipo litsiro limakhazikika m'mikwingwirimamo. M'chilimwe, fumbi likachuluka, fundikani njanji yonse ndi nsalu yopepuka mukangozimitsa magetsi.