Buleki yakutsogolo ikafewa

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mukafinya buleki yakutsogolo imafika pachigwiriro njinga yamoto isanaime. Kawirikawiri m'paipi mwalowa mpweya.

Yambani mwatsegula kabokosi ka mafuta a buleki. Ngati achepa, thirani amene alembedwa pachivindikiro, nthawi zambiri DOT 4. Oyilo wa injini musayese dala, amafufumitsa malabala. Suzumiraninso mapadi, amene amafinya disiki (chimbale chachitsulo cha pagudumu) kuti njinga iime; akapyapyala sinthani onse awiri.

Tsopano finyani buleki kasanu, gwiritsitsani, mnzanu amasule pang'ono kanati kotulutsira mpweya pakalipa (chitsulo chimene mumakhala mapadi). Mafuta atuluka ndi thovu. Amange kanatiko inu musanasiye buleki, apo ayi mpweya ubwereranso. Bwerezani mpaka thovu litatha, uku mukuwonjezera mafuta kuti kabokosi kasaume.

Potsetsereka kuchokera ku Zóbuè kupita ku Moatize, ku Mozambique, mutanyamula matumba, chonde tsikani ndi giya yaying'ono, disiki isatenthe.