Mphutsi za ntchentche zingachepetse ufa wa nsomba m'chakudya cha m'dziwe

Amene mukuweta nsomba kapena shrimp (tamoyo ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu), ganizirani bwino za ufa wa nsomba umene uli m'chakudya chimene mumazipatsa. Kuti papezeke kilo imodzi ya ufawu pamafunika makilo 4 kapena 5 a tinsomba ta m'nyanja, monga anchoveta wa ku Peru. Kudyetsa nsomba ndi nsomba zinzake motere sikungapitirire mpaka kalekale.

Yesani mphutsi za ntchentche yakuda, ija amati black soldier fly. Zimadya zotsala za masamba ndi zipatso, ndipo pakatha pafupifupi milungu iwiri zimakhala zitanenepa. Zikauma, puloteni wake amafika cha m'ma 40 peresenti. Koma zili ndi mafuta ambiri, choncho muzifinye kaye musanagaye, apo ayi chakudya chimachita fungo msanga. Musachotseretu ufa wa nsomba tsiku limodzi. Chepetsani pang'onopang'ono uku mukuyang'ana kakulidwe ka nsomba zanu.

Soya nayenso ndi wabwino, bola akazingidwe kapena aphikidwe. Wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa puloteni kugayika m'mimba, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa.

Shrimp ndiye nkhani ina. Imadya modekha, ili pansi, ikutola ndi timiyendo take, ndiye timibulu ta chakudya chake tifunika tomatika bwino, tosasungunuka msanga. Ikani chakudya pang'ono m'thireyi yomiza m'dziwe, mukaone pakatha maola awiri. Chikatsala, mawa muchepetse, chifukwa chotsalacho chimawola n'kumaliza mpweya m'madzi.