Zoyenera kuchita mukachotsedwa ntchito chifukwa choti ndinu oyembekezera

Amayi ambiri akauza abwana kuti ndi oyembekezera, pakangopita masabata ochepa amalandira kalata yonena kuti ntchito yachepa, pomwe anzawo onse akupitiriza kugwira ntchito. Lamulo la zantchito la Employment Act la 2000 limaletsa tsankho lotere, ndipo limapereka kwa mayi tchuthi chokachira cha masabata osachepera 8 pa malipiro athunthu, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse.

Choyamba, musasaine kalata yosonyeza kuti mwasiya ntchito mwa kufuna kwanu, ngakhale akulonjezeni ndalama pompopompo, chifukwa siginecha imeneyo idzakhala chida chokutsutsirani mtsogolo. Pemphani kuti chifukwa chokuchotserani achilembe papepala.

Kenako sonkhanitsani umboni, ndipo gawo limeneli ndilo lofunika kulichita mosamala kwambiri. Sungani kalata imene anakulemberani ntchito, mapepala a malipiro, buku lanu la kusikelo ndiponso mauthenga a pa WhatsApp amene munkatumizirana ndi abwana. Lembani m'kope tsiku limene munawauza za pakati panu, mawu amene anayankha, ndi mayina a anthu amene analipo, pakuti pakapita miyezi masiku amasokonekera m'mutu. Ngati m'malo mwanu alowetsamo munthu wina, lembaninso tsiku limene anayamba ntchito, chifukwa zimenezi zimatsutsa zoti ntchito inachepa.

Mukatero, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, imene ambiri amangoti kuleba, miyezi itatu isanathe kuchokera tsiku limene munachotsedwa. Ndikudziwa kuti mayi wotopa, amene akuganiza za kuchipatala ndi za lendi, amafuna kuyamba wachira kaye, koma nthawi imeneyi sidikira munthu. Ngati muli m'bungwe la anthu ogwira ntchito, tengani nthumwi yake ikuperekezeni.

Mkulu wa ofesiyo amaitanitsa mbali zonse ziwiri kuti zikambirane. Zikalephereka pakatha mwezi umodzi, nkhaniyo ikhoza kupita ku khoti la zantchito la Industrial Relations Court, limene lili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kumeneko udindo wopereka chifukwa chomveka chokuchotserani uli pa olemba ntchito, ndipo akalephera, khoti likhoza kulamula kuti mubwezeretsedwe pa ntchito kapena mupatsidwe chipepeso.